Mwamuna wa Mayi a Pakona

Sikelo inakananso. Namwino anamunyamulapo Phuma n'kumubwezera pachifuwa pa mayi ake akupukusa mutu.

"Mayi, mwanayu watsikanso. Dzulo munamugoneka pabedi kangati?"

"Kamodzi kokha, anesi. Kaya kawiri. Nanga munthu asasambe?"

Mayiyu anzake ankamutcha Wailesi, chifukwa chilowereni m'chipinda cha kangarucho pakamwa pake panali pasanapumepo. Mwana wake anabadwa masiku asanakwane, kanthu kongokwana m'manja, n'chifukwa chake anangoti ndi Phuma. Lamulo la m'chipindamo linali limodzi: mwana azikhala pachifuwa pa munthu, khungu kukhudza khungu, womangidwa ndi nsalu, kachipewa kumutu. Akazizidwa sanenepa, ndipo akapanda kunenepa amabwerera m'kabokosi kagalasi kotenthetsera ana kaja, mphuno ili mapaipi okhaokha. Wailesi sankaopa munthu, koma kabokosi kameneko kankamusowetsa tulo.

Vuto linali lakuti analibe womulandira. Msana unkachita kuyaka. Mwamuna wake, makaniko, ankabwera masana ndi chakudya n'kuima pakhomo ngati wabwera kudzawerenga mita ya madzi.

"Ine manja angawa ndi a sipanala," ankatero. "Ndingakathyole kamwanako."

Koma pabedi la pakona, ee, pamenepo ndiye panali mwamuna! Bambo a tayi, nsapato zowala, galimoto panja. Ankafika m'mawa asanapite ku ofesi, masana n'kubweranso. Ankavula tayi ndi shati, kusamba m'manja mpaka m'zigongono, n'kukhala pampando phee, akazi awo n'kuwamangirira kamtsikana pachifuwa.

Mayi a pakonawo anali achikulire ndithu, osalankhulalankhula.

"Khalani apo," ankatero.

"Chabwino, mayi."

"Wongokani. Mukumupinda khosi."

"Pepani, mayi."

Tiana ta m'chipindamo tinali tisanathe kuyamwa, ndiye aliyense ankafinyira mkaka m'kapu n'kumamwetsa pang'onopang'ono. Mayi a pakona okha, kaya ndi manyazi a anthu olemera, sankafinyira pagulu. Nthawi ikakwana ankatuluka, bambo ali pambuyo, ndipo pobwera bambowo ankakhala atagwira kapu yovundikira ndi manja awiri, akuyenda monyang'ama kuti lisatayike ngakhale dontho.

Wailesi nsanje inkamupha, ndipo sankabisa.

"Anzanga, amuna anagawidwa ine ndili kubafa," ankauza chipinda chonse. "Taonani mwamuna uyo! Ndevu zake, tayi yake, koma akufungatira mwana ngati nkhuku yathadzi. Ine anangondisiyira zotsala."

Koma tsiku limene sikelo inakanansolo namwino sanaseke nawo. Ananena poyera kuti sikelo ikakananso mawa, Phuma abwerera m'kabokosi. Wailesi analira, kulira kwenikweni, kopanda nthabwala. Makaniko atafika ndi chakudya chake anapeza maso ali psuu.

"Bambo a Phuma, lowani."

"Ndili ndi galimoto ya anthu yotsegula injini..."

"Injini ilira? Injini izizidwa? Tayang'anani pakonapo. Bambo awo ndi bwana, ali ndi anthu awoawo owalamula, koma avula shati. Inuyo chifuwa chanucho mukusungira ndani?"

Azimayi onse anaseka mpaka tiana tinadzidzimuka. Makaniko anayang'ana pakona kuti mwina mwamuna mnzake amuthandiza, koma bambo a tayi anangozyolika. Kudzichepetsa kwakenso, Wailesi anatero mumtima.

Basi, makaniko anagonja. Namwino anamusambitsa m'manja mpaka girisi wa chaka chatha anachoka, n'kumukhazika pampando. Phuma atangofika pachifuwa chotambalalacho anatambasula tizala take, n'kugona tulo tofa nato. Munthu wamkulu anaiwala kupuma.

"Kakutentha," ananong'ona. "Mayi a Phuma, kamtima kake ndikukamva."

Kuyambira pamenepo sanadumphe tsiku. Masana akafika ankakhala moyang'anizana ndi bambo a tayi, azibambo awiri opanda mashati, Wailesi n'kukasamba mosathamanga, n'kugonako chagada. M'mawa mwake sikelo sinatsike. Mkuja inakwera. Sabata isanathe Phuma anayamba kuyamwa yekha, masaya akutuluka, ndipo namwino anati akhoza kumapita kwawo.

Atamanga katundu, Wailesi anapita pakona kukatsanzika. Anagwada ndithu, pakuti ankadziwa kuti popanda banja limeneli mwana wake akanakhala m'galasi.

"Mayi, zikomo. Bambowa andiphunzitsira mwamuna." Anasendera pafupi, koma kunong'ona kwa Wailesi kunkamveka mpaka pakhomo. "Tsono musandimane, ndine mwana wanu. Munawadyetsa chiyani? Ndikufuna wangayu azichita zonse ngati iwowa, zonse."

Bambo a tayi anatsinzina. Akazi awo anamukonza mwana kachipewa, osafulumira.

"Zonse ayi, mwanangu. Ine wanga womaliza ali ku koleji. Kamtsikanaka n'ka sekilitale wa bambowa, amene wagona m'chipinda chapamwambachi bala la opaleshoni lisanapole, ndipo mkakawu timakatenga kumeneko. Kamwana sikanalakwe, ndikafungatira mpaka kanenepe. Za ine ndi awa tikakambirana kunyumba."