Masikono a Lachitatu

Rafaeli anatulutsa thireyi yomaliza mu uvuni, n'kuiika pabenchi, n'kubwerera m'mbuyo mapazi atatu mwa ulemu wa mkamwini. Masikono khumi ndi awiri, ofiira bwino pamwamba, akufuka nthunzi. Apongozi ake, a Nabanda, anabwera ndi dengu lawo. Sanalawe, sananunkhize, sanatsokomole n'komwe. Anangolongedza, kuvundikira ndi nsalu, kusenza, awo ndi kanjira ka kuseri kwa nyumba.

Kanjirako Rafaeli ankakadziwa bwino. Kankatsikira kumtsinje n'kukatulukira pakhomo pa mlongo wa a Nabanda, munthu woweta nkhumba. Ndipo limeneli linali Lachitatu lachisanu ndi chimodzi zikuchitika chonchi.

Uvuni wa a Nabanda unali wotchuka pa Nguludi ponse. Odikirira odwala, aphunzitsi, ngakhale masisitere, onse ankamwera tiyi masikono a pamenepo. Ntchito inali ya pabanja: mayi kukanda, mwana wawo Selestina kuumba ndi kukagulitsa, Rafaeli, mwamuna wa Selestina, kuwaza nkhuni. Ulendo wa ku Joni utatsekedwa mu 1974, mkuluyu anatsala ndi nkhwangwa, ndipo anawaza zaka ziwiri zathunthu asanaloledwe kukhudza ufa. Pomulola, anamupatsa thireyi imodzi yokha pa mlungu, ya Lachitatu. Thireyi yake ndi imeneyi, yosafikapo pamsika ngakhale kamodzi.

Nanga akanafunsa bwanji? Mkamwini ndi apongozi ake sayang'anana m'maso, akakumana panjira wina amapatukira m'tchire. Mawu onse pakhomopo ankadzera mwa Selestina ngati makalata a ku positi. Koma Selestina atafunsidwa anangoseka.

"Amayi anati ndisanene. Inu muzingophika, bambo a Idesi."

Kusekako ndiye kunamulasa. Ndiye kuti mkazi wake akudziwa! Mwinanso mudzi wonse ukudziwa kuti kwa a Nabanda kuli mwamuna wandevu zake, bambo wa mwana, wophikira nkhumba masikono. Manyazi anamugwira Rafaeli, osati pang'ono. Ku bawo analeka kupita. Wina akangotchula nkhumba potuluka m'tchalitchi, iye ankayang'ana zala za kumapazi. Ngakhale kwawo ku Mpama, kwa mayi ake, anasiya kupondako, poti akanakafotokoza kuti kuchikamwini akugwira ntchito yanji?

Kunena zoona munthuyu ankayesetsa. Ufa ankasefa kawiri. Ankakanda mpaka mapewa kuwawa. Moto ankauyesa ndi chikhatho monga ankaonera apongozi ake ali chapatali. Tsiku lina anabisa sikono imodzi m'thumba nakaidyera kuseri kwa nkhokwe ngati wakuba. Inamukomera ndithu, koma anaganiza kuti mwina lilime lake ndi lozolowera chinangwa.

Pofika Lachitatu lachisanu ndi chiwiri, manyazi aja anali atasanduka mkwiyo. Ngati ndi za nkhumba, shuga awonongerenji? Ufa wabwino umene anamuyezera anaubwezera m'thumba. Anatenga tsache n'kusesa ufa wotayikira pansi pa tebulo, ndi mchenga womwe. Anawonjezera madeya, nathira mchere manja awiri odzaza. Pamwamba anapaka dzira, ndipo masikonowo anatuluka akunyezimira kuposa masiku onse.

Anabwerera m'mbuyo mapazi ake atatu. A Nabanda analongedza, kuvundikira, kusenza, awo ndi kanjira kaja.

Tsiku limenelo Rafaeli anawaza nkhuni akuimba mluzu. Zidye nkhumbazo, zione kuti nayenso ali ndi mtima. Anatsimikiza kuti madzulo auza Selestina kuti ufa sadzaukhudzanso, bola kufa ndi nkhwangwa kusiyana ndi kusekedwa m'chiphwete. Komabe mluzu uja sunachedwe kuuma. Chibadwire anali asanachitepo zachinyengo pa chakudya, ndipo mwana wake Idesi atakwawira pafupi ndi thireyi ija kuti atole nyenyeswa, anamunyamula msangamsanga.

A Nabanda anabwera dzuwa litapendeka, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Anatula dengu, nakhala pakhonde atafulatira mulu wa nkhuni. Kenaka anaitana mwana wawo mokweza, monga ankachitira mawu akakhala a mkamwini.

"Selestina, uwafunse bambo a Idesi ngati m'thupi muli bwino."

Selestina anatembenukira kwa mwamuna wake. "Akuti kodi muli bwino?"

Rafaeli ananjuta pamene analipo, nkhwangwa ili pambali. Anadzilimbitsa. Ngati nkhumba zadandaula, lero ndi lero, nkhani ituluke.

"Uwauze kuti ndili bwino. Nanga wafunsa ndani?"

A Nabanda anapukuta thukuta ndi ngodya ya chitenje, osacheuka.

"Uwauze kuti afunsa ndi mayi awo, asewele anga a ku Mpama. Masikono a Lachitatu onsewa ndimakatula kwa iwowo. Dengu ndimasenza ine kuti anthu asamati mkamwini akututira kwawo za eni. Lero atafuna mchenga ukulira m'mano, ndinati alavule, akana. Ati waphika ndi mwana wawo, amaliza yonse."