Nkhalango ya Bwana wa Sopo

"Zikani msanga, akubwera!" anakuwa bwana wa fakitale ya sopo, thukuta lili kamukamu.

Kampani yomwe inkawagula sopo inali itaopseza kuti isiya kugula ngati sasamala mitengo. Ndiye bwana anadulitsa chimtengo cha pageti, antchito n'kuzika nthambi zake pabwalo ponse kuti pazioneka ngati nkhalango.

Mayi woyendera wotumidwa ndi kampaniyo atatsika m'galimoto, bwana anamwetulira ngati mkwati.

"Taonani, mayi, tabzala tokha!"

Nthambi ina inagwa, khu! Mayiwo sanacheuke n'komwe.

"Musavutike, bambo. Ndangobwera kudzajambula chimtengo cha pageti chija. Ngati chilipo, basi, mwakhoza. Amuna anga anandifunsira pamthunzi pake."

Anatembenuka, kamera ili m'manja. Pachitsa panali patakhala mlonda, akupukuta nkhwangwa.