Mizu ya Baba Ifagbemi

Dokotala Adewuyi sanapereke moni polowa pakhomo pa sing'anga Baba Ifagbemi. Sanadzigwetse chafufumimba monga achitira mwana aliyense wa ku Abeokuta pamaso pa mkulu. Anangoima njo ndi nsapato zake za ku Mangalande, n'kufunsa kuti mlongo wake ali kuti.

Abeke anali pakhonde, atatsamira khoma. Kumayambiriro kwa chaka chimenecho cha 1958 anang'amba zovala pamsika, akukuwa kuti akufa akumuitana, ndipo mayi awo, a Adunni, anathamangira naye kuno Adewuyi akadali kusukulu kunja. Tsopano anali zii, zikope zolemera. Pakakolo panali chipsera cha unyolo.

"Munam'manga ngati mbuzi!" anakalipa Adewuyi.

"Masiku asanu ndi anayi okha," anayankha Baba, osasiya kupala mizu. "Ankafuna kudziponya m'chitsime. Iwe unali kuti, mwana wa Adunni? Unkadya ndi foloko kwa azungu."

"Nanga mukum'mwetsa chiyani kuti afooke chonchi?"

"Asofeyeje. Muzu womwe bambo anga ankamwetsa odwala misala."

Adewuyi anakankha ndi phazi mphika umene unali pamafuwa. Madzi akuda anayenderera pabwalo, moto n'kuzima.

"Achimwene, mwataya mankhwala anga," anatero Abeke chapansipansi.

"Si mankhwala amenewo, ndi nyansi." Anatulutsa kabotolo m'thumba la jekete n'kukagwedeza pamphuno pa mkuluyo. "Mankhwala ndi awa. Angofika kumene kuchokera ku Ulaya. Anthu amene anatsekeredwa zaka zambiri akubwerera kwawo chifukwa cha mapiritsi amenewa. Inu mukupha ana a eni ndi zinyalala za m'tchire. Ndikakusumirani kupolisi."

"Kasume. Koma akayambanso kukuwa, usandibweretsere. Ukam'mwetse Chingerezi chakocho."

Adewuyi anagwira mlongo wake padzanja. Asanafike pachipata, lole inaima n'kutseka njira. Woyendetsa wake, bambo wa kapusi yofiira dzina lake Lasisi, anagwada kwa Baba, kenaka anayamba kukweza matumba amene anali mulu kuseri kwa nyumba. Thumba lina linali long'ambika, mizu yomwe ija ikusuzumira.

Magazi anamuwira Adewuyi. Ndiye kuti nkhalambayi sikupha pakhomo pano pokha, ikufalitsa chiphecho kwa asing'anga anzake dera lonse.

"Iwe, tsitsa zimenezo! Ukupita nazo kwa mfiti iti?"

"Mfiti?" Lasisi anaseka. "Bwana, musandichedwetse, sitima sidikira munthu. Werengani nokha, si ndinu ophunzira?"

Anamuponyera chikalata cha katunduyo. Adewuyi anachitola, ali wokonzeka kuchisunga ngati umboni kupolisi.

"Mizuyi imapita kudoko ku Lagos, kenaka ku Ulaya," anapitiriza Lasisi, thumba lili paphewa. "Akuti amakaigaya n'kuumba timapiritsi toyera ta odwala misala."

Adewuyi anayang'ana pamwamba pa chikalatacho. Dzina la kampani yogula mizuyo linali lomwelo lolembedwa pa kabotolo kamene kanali m'dzanja lake.

"Ukamaliza kuwerenga," anatero Baba, "unditolere mphika wanga."