Dzimbiri Lachoka pa Njanji

Madzi atasefukira, njira ya kwathu ku Makhanga inamira, ndiye pochokera kuchipatala ndi mankhwala a mayi ndinadzera pa njanji. Sitima inasiya kalekale kudutsa kuno. Zitsulo za njanjiyo zinachita dzimbiri, anthu amangoyanikapo zovala. Mdima unandipeza ndili pakati, madzi uku ndi uku.

Ndinapeza bambo ena achikulire atagwada, khutu lili pachitsulo, nyali ili pambali.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

Sanadzuke. "Tsika pa njanji, mwanawe. Yanyamuka kale ku Chiromo."

"Sitima yake iti? Njanji ya ku Chiromo idakokoloka ine ndisanabadwe."

"Ine ndakuuza," anatero.

Ndinawalambalala. M'madzimo muli ng'ona, ndikanatsikira kuti? Nditayenda pang'ono ndinaunika pansi ndi foni. Dzimbiri panalibe. Chitsulo chinkanyezimira ngati magudumu akhala akuchipera tsiku lonse. Ndinavula patapata n'kupondapo. Chinali chofunda, ndipo chinkanjenjemera.

Nditacheuka, bambo aja anali ataimirira, akukupiza nyali m'mwamba. Sankayang'ana ine. Ankakodola chimene chinkabwera kumbuyo kwanga.