Kulipsira Imfa ya Eskil

M'mawa wa tsiku limene madzi oundana anasweka pakamwa pa mtsinje wa Odra, m'chaka chija chimene panalibe mfumu ngakhale imodzi yobwera ndi siliva kudzalemba ntchito ankhondo a m'linga la Jomsborg, Brusi anali padoko akukweza mikondo m'ngalawa yopita kukalipsira imfa ya mnzake Eskil, ndipo manja ake ankagwira ntchitoyo mwaulesi ngati a munthu wokumba manda ake omwe.

Chisanu chisanayambe, awiriwa anatumidwa kumtunda kwa mtsinje kukagula tirigu ku Radovo, kamudzi ka anthu a mtundu wa Avendi. Brusi anabwerako yekha, atanyamula chishango cha Eskil chong'aluka pakati, chili magazi okhaokha. Ankhondo anzake, amene ankatchulana abale, atamuzungulira m'nyumba yodyera n'kumufunsa kuti mnzawo wafa bwanji, iye akanatha kutchula malungo kapena kumira m'madzi. Koma munthu wofera pamphasa saimbidwa nyimbo m'linga limeneli, ndipo dzina lake limakwiriridwa limodzi ndi thupi. Lilime la Brusi linasankha imfa yaulemu. Anati Eskil anagwa lupanga lili m'manja, atazingidwa ndi amuna a m'mudzimo.

Mawuwo atangotuluka, iye anaona nkhope za abale zikuuma. Lamulo lawo silinali lobisika kwa aliyense: wopha mmodzi wa iwo wapha m'bale wa onse, ndipo mwazi wake sulipidwa ndi ng'ombe kapena siliva. Nyengo yonse yachisanu Brusi ankayembekeza kuti kubwera nkhondo ina yaikulu imene iwaiwalitse Radovo. Sinabwere.

"Iwe Brusi, mikondoyo ukuigoneka ngati makanda bwanji?" anatero Ulfar, wopalasa ngalawa wa pakamwa posatseka, akumuponyera mtolo wa nsomba zouma. "Fulumira, m'bale. Kapena ukuopa akazi a Chivendi? Malemu uja ndiye sankawaopa. Akangoona nsalu ikudutsa, nkhafi yake inkapalasa mphepo."

Ena anaseka. Brusi anapitiriza kukweza mikondo.

Ulfar anasendera pafupi, natsitsa mawu. "Chishango chija ndinachiyang'ana bwino, amwene. Avendi tinkhwangwa tawo n'tating'ono, totemera nkhuni. Chimene chinang'amba thabwa lija chinali ndi mano aakulu ngati zathuzi."

"Mwina analanda ya munthu wathu."

"Mwinadi," anayankha Ulfar, maso ake ali pa nkhwangwa ya m'chuuno mwa Brusi. "Ine sindinanene kanthu."

Brusi anaimirira. Anasiya mikondo, napita kumene kunaima Geirmund, mtsogoleri wa linga, amene ankayang'anira amuna omata phula m'ming'alu ya ngalawa.

"Atsogoleri, ndili ndi mawu."

"Lankhula."

"Amene anakantha Eskil anali munthu mmodzi, ndipo ndikuganiza kuti anathawa kalekale. M'mudzimo mwatsala nkhalamba ndi ana. Nditumeni ndekha, ndikamufunefune."

"Tsiku lija unati anamuzinga ambiri."

"Ndinali wosokonezeka mutu."

Geirmund anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo m'maso mwakemo munalibe kukayika, munali chisoni chokha, chimene chinamupweteka Brusi kuposa mkwapulo. "Mwana wanga, ndikudziwa chimene chikukudya. Unabwera wamoyo, iye n'kutsala, ndiye ukufuna kukafa wekha kuti mtima uzizire. Sindikulola. Eskil sanali wako wekha, anali wa tonse. Mudzi umene unamwa mwazi wake usaone dzuwa lina likulowa." Anamugwira paphewa. "Muuni woyamba uponya ndiwe. Ulemu umenewo palibe angakulande."

Choonadi chinafika mpaka kukhosi kwa Brusi. Anayang'ana mtengo wopachikirapo anthu umene unaima pamwamba pa chipata cha doko, nayang'ana unyolo umene unatseka dokolo kuyambira dzulo lake kuti pasatuluke ngakhale bwato la msodzi lokachenjeza anthu. Anawerengera mumtima kuti akaulula, chingwe chimudikira iyeyo, ndipo ngalawa zinyamukabe. Akakhala chete, mwina akafika patsogolo pa onse, mwina akakuwa mokweza kuti anthu athawire m'nkhalango. Anakangamira timwina timeneti monga womira amakangamira udzu, podziwa bwino kuti chomutseka pakamwa kwenikweni chinali chingwe chija.

"Zikomo, atsogoleri," anatero.

Unyolo unatsitsidwa. Brusi anakhala pa mpando wake, nagwira nkhafi, ndipo pa mpando wa pambali pake, umene unali wa Eskil, panakhala Ulfar akuimba nyimbo yotamanda wakufayo, nyimbo yopekedwa kuchokera m'mawu a Brusi yemwe. Abale onse anaivomera, nkhafi zikumenya madzi pamodzi. Iyenso anaimba, pakuti wosaimba akanafunsidwa chifukwa.

Ku Radovo sanafike patsogolo pa aliyense. Ngalawa ya Geirmund inakocheza poyamba, ndipo pamene Brusi ankatsika m'madzi muuni uli m'manja, madenga anali akuyaka kale, abale osadikira muuni wake woyamba uja. Mwa amuna amene anatuluka mu utsi munali wina wamtali, wovala Chivendi, akutchinga ndi khasu mkazi wake wodwala pakati. Anali Eskil, amene Brusi anamulengeza wakufa kuti akwatire mwamtendere, osasakidwa monga amasakidwira wothawa ubale wa m'lingamo. Chishango chija Brusi anaching'amba yekha ndi nkhwangwa yake. Abale anamuzindikira atamupha kale.