Malaya a Malizani pa Kamera

Lula inagwera pa zala za Lackson kachitatu, ndipo Sellah anamva kuwawa ngati zalazo zinali zake.

"Diso pa kamera, osati pa nsapato zanga," anatero a Chancellor, mkulu woona za ogwira ntchito pa esiteti ya tiyiyo.

Linali tsiku lachinayi akuyeserera. Chaka chimenecho cha 2009, azungu ogula tiyi ku Ulaya anati sabwera kudzayendera minda. Ankafuna kuyankhula ndi othyola tiyi pa intaneti, maso ndi maso, asanasainenso mgwirizano. Choncho chipinda chophunzitsiramo anachikolopa, kukhoma anapachikako chinsalu choyera, ndipo Winston wa makompyuta anayala mawaya pansi ponse. Oyankhula anasankhidwa atatu: Lackson, Ester ndi Sellah, yemwe anafika Fomu 2 kusukulu ya mishoni ku Makwasa ndipo Chingerezi chake chinkamveka kuposa cha onse.

Mawu anachita kuwalembera. Timalandira bwino. Ana athu ali pasukulu. Pano palibe amene amamenyedwa. Wophonya liwu ankalandira lula, wochita chibwibwi ankalandira mbama. Tangoganizani, kuphunzitsa munthu ndi ndodo kunena kuti samenyedwa.

Winston naye anali ndi malamulo ake, koma iye ankayankhula mofatsa, maso ali pansi. Osagwira maikolofoni. Osasuntha mpando. Mawu amachedwa kuwoloka nyanja, ndiye azungu akapanda kuyankha msanga, oyankhulawo asadabwe. Jenereta anaithira dizilo wokwanira kuti magetsi akathima msonkhano usaduke.

Sellah ankaloweza zonse osaphonya, koma mumtima munali moto. Masabata awiri m'mbuyomo, alonda anamupeza mwamuna wake Malizani ndi mtolo wa nthambi za bulugama wa kampani. Anamumangirira pa mzati wa shedi yoyezera tiyi, nayamba kumukwapula ndi zibonga anthu ali pamzere wa sikelo. Anamuthyola nthiti zitatu ndi chibwano. Atakomoka anamuthira madzi n'kuyambiranso. Tsopano anali gone kwawo ku Changata, akukodza magazi, ndipo kuofesi analemba kuti anagwa pa thirakitala.

A Chancellor ankadziwa bwino kuti Sellah ndi mkazi wa ndani. Anamuuza poyera kuti liwu limodzi lokhota lidzamutayitsa ntchito ndi nyumba ya kampani tsiku lomwelo, ana ake atatu akagone m'tiyi. Sellah anagwada n'kuthokoza. Ankaopa ndithu. Koma mwayi wotere subwera kawiri, ndipo kupolisi anali atapitako kale n'kubwezedwa. Anatsimikiza kuti azunguwo amva, zivute zitani.

Lachitatu m'mawa, a Chancellor analowa atavala tayi, nalengeza kuti tsiku lija lafika. Atatuwo anawapatsa yunifolomu yatsopano. Alonda awiri anaima pakhomo, mmodzi wa iwo ali yemwe uja anathyola chibwano cha Malizani. Winston anadinadina pa kompyuta, ndipo pa chinsalupo panaoneka azungu atatu atakhala patebulo. Mayi wa imvi pakati pawo anapereka moni namwetulira.

Lackson ananena zake, zala zotupa atazibisa kunsi kwa tebulo. Ester ananena zake. Azungu ankangogwedeza mitu.

Sellah anakhala pa mpando, nayang'ana kamera ija m'diso monga anamuphunzitsira. Anatchula dzina lake ndi zaka zomwe wathyola tiyi. Kenaka anapisa dzanja m'bulauzi n'kusolola malaya a Malizani, ouma gwa ndi magazi, nawatambasula patsogolo pa kamera. Ananena zonse: mzati, zibonga, nthiti, bodza la thirakitala. Anatchula mayina a alonda, natchulanso a Chancellor. Chingerezi chikamuthera ankapitiriza m'Chichewa, misozi ikutsikira pa yunifolomu yatsopanoyo. Mayi wa imvi uja anawerama n'kulemba kena kake papepala.

Palibe anamudula mawu.

Atamaliza, a Chancellor anakodola alonda. Mbama yoyamba inamugwetsa Sellah pa mpando, mutu n'kugunda ngodya ya tebulo. Nsapato inamupeza m'nthiti, ina pamsana. Ester anakuwa nabisa nkhope, Lackson anaumirira kukhoma. Alonda anamukoka Sellah ndi tsitsi kudutsa pa mawaya aja, magazi a m'kamwa akudonthera pansi pomwe anakolopa m'mawa.

Koma Sellah ankaseka. Ululu unalipo, ntchito inali itapita, nyumba nayo, koma mtima wake unapepuka kwa nthawi yoyamba chimenyedwereni Malizani. Zitsiruzi zinkamumenya azungu akuonerera.

"Menyani, bwana," anatero akulavula magazi. "Amva kale. Ndipo akuona."

A Chancellor anakonza tayi yawo mosapupuluma, natembenukira kwa Winston.

"Zimitsa. Tadziwa woti timuchotse."

Winston anadina batani, azungu aja n'kuzimiririka pa chinsalu. Kompyuta inalavula chimbale cha kanema wa msonkhano wa chaka chatha, umene mabwana okhaokha anachita ndi ogula tiyiwo. Msonkhano weniweni unali wa Lachisanu.