Chivindikiro cha Mlamu

Nkhaniyi anandiuza ndi Ajira, wogulitsa usipa ku Makokola.

Ofufuza matenda a chiwindi atatolera chimbudzi cha asodzi m'timabotolo, msodzi wina, Sumani, anaopa kuti akapezeka wodwala, mwini boti amuchotsa ntchito. Anasinthanitsa chivindikiro cholembedwa dzina lake ndi cha mlamu wake Gilford, msodzi mnzake wa m'boti lomwelo amene samwerana naye madzi.

Zotsatira zitabwera, dokotala anati, "Che Sumani, muli ndi likodzo, mukachedwa liwononga chiwindi. A Gilford muli bwino."

"Ndinkanena ine kuti munaola kale m'kati, alamu," anatero Gilford akuseka. "M'boti muja musapondemonso."

Sumani anayang'ana mimba ya mlamu wakeyo, podziwa kuti likodzolo lili mmenemo, nkumeza mankhwala amene dokotala anamupatsa.

Ajira akuti m'mawa mwake Sumani anakaulula. Pamenepo ndiye ine ndikukayika.